Ulendo wa ku Portugal: sankhani mwezi musanagule tikiti

Munthu wa kuno kwathu akaona kalendala ya mvula ya ku Portugal amayesa akuidziwa kale. Mvula imayamba chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, imagwa mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumwamba kumakhala mbee. Miyezi yake ndi yomweyo ya ku Lilongwe, Chipata kapena Tete. Chimene chimasokoneza alendo n'chakuti kutentha ndi kuzizira n'kosinthana. Kwathu mvula imabwera ndi kutentha, ndipo Juni ndi Julayi ndi miyezi ya majuzi ndi kuotha moto. Ku Portugal mvula imagwa kukuzizira, ndipo miyezi youma ija ndiyo ya dzuwa loswa mtengo.

Tinene msanga pomwe taima. Nthawi zabwino ndi ziwiri: kuyambira pakati pa Meyi mpaka chakumapeto kwa Juni, komanso kuyambira pakati pa Seputembala mpaka pakati pa Okutobala. Wofuna kuyenda m'mizinda dziko likadali lobiriwira asankhe yoyambayo. Wofuna kusambira m'nyanja asankhe yachiwiriyo. Ogasiti, amene ambiri amamuthamangira chifukwa ndiye amaoneka pa zithunzi, ndi mwezi umene mumalipira zambiri n'kupeza zochepa.

Dzikoli ndi laling'ono kuposa Malawi, ndipo kuchoka kumpoto kufika kum'mwera ndi makilomita pafupifupi 560, koma nyengo yake si imodzi. Mzinda wa Porto, kumpoto, umalandira mvula yopitirira mamilimita 1,100 pachaka. Lisbon, likulu la dzikoli, amalandira pafupifupi 750, pamene Faro, m'chigawo cha Algarve kum'mwera kwenikweni, amalandira pafupifupi 500. Choncho funso lakuti "ndipite liti" limayendera limodzi ndi lakuti "ndipita kuti". Epulo wa ku Algarve ndi wadzuwa lofunda bwino, koma Epulo yemweyo ku Porto akhoza kukusungani m'nyumba masiku atatu ndi mvula yamawawa yonga chiperoni cha ku Thyolo.

Tiyambe ndi mavuto a Ogasiti, choyamba kutentha. Ku Lisbon masana kumafika madigiri 28 kapena 29 pa tsiku wamba, ndipo munthu wokulira ku Salima kapena ku Mangochi anganene kuti palibe chodandaulira. Vuto ndi masiku amene mpweya wotentha wochokera kumpoto kwa Africa wafika. Pamenepo Lisbon amayandikira madigiri 40, ndipo m'kati mwa dziko, m'chigawo cha Alentejo komwe kuli mizinda ya Évora ndi Beja, kumapitirira apo. Mudzi wa Amareleja, m'chigawo chomwecho, unapitirira madigiri 47 pa 1 Ogasiti 2003. Kutentha kwa madigiri 40 n'kwa ku Nsanje ndi Chikwawa mu Okutobala, koma kusiyana kwake n'kwakuti mlendo sakhala pamthunzi. Amakhala akukwera zitunda za Lisbon wapansi, kapena ali pamzere padzuwa kudikira kulowa mu Mosteiro dos Jerónimos, nyumba yakale ya amonke m'dera la Belém mumzindamo. Nyumba zambiri zakale zochititsa lendi m'madera a Alfama ndi Bairro Alto ku Lisbon zilibe makina oziziritsira mpweya, ndipo chipinda cha pamwamba, pansi pa denga la matailosi, chimasunga kutentha mpaka pakati pa usiku. Musanalipire malo ogona a Julayi kapena Ogasiti, funsani mwachindunji ngati m'chipindamo muli makinawa, osati fani chabe.

Chachiwiri ndi anthu. Mu Ogasiti eni dziko nawonso amakhala pa tchuthi, sukulu zimakhala zotseka m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo Apwitikizi ogwira ntchito ku France, Switzerland ndi Luxembourg amabwerera kwawo ndi magalimoto odzaza mabanja. Onsewa amatsikira kugombe, makamaka ku Algarve. Mitengo ya malo ogona ku Albufeira kapena ku Lagos, matauni a m'chigawocho, imakwera kwambiri poyerekeza ndi Meyi, magalimoto obwereka amasowa, ndipo m'mizinda ikuluikulu malo ena odyera a mabanja amatseka milungu iwiri kapena itatu, eni ake atapita kukapuma. Ku Sintra, tauni ya m'mapiri pafupi ndi Lisbon, nyumba yachifumu ya Pena imalowetsa anthu potsatira nthawi yolembedwa pa tikiti, ndipo wofika mochedwa chifukwa cha kuthithikana kwa magalimoto pamsewu wokwera phiri akhoza kutaya tikiti yake.

Chachitatu ndi moto wolusa. Pakati ndi kumpoto kwa dzikoli kuli nkhalango zazikulu za paini ndi bulugamu, ndipo zikauma miyezi itatu zimayaka ngati udzu wa m'dambo. Pa 17 Juni 2017 moto wa ku Pedrógão Grande unapha anthu 66, ambiri a iwo ali pamsewu pofuna kuthawa. Pakati pa Okutobala chaka chomwecho moto wina unaphanso anthu oposa 40. Masiku awiriwa akusonyeza kuti m'chaka chachilala ngozi imafika ngakhale m'miyezi imene tikuiyamikirayi. Amene akukonza zoyenda pa galimoto m'midzi ya m'kati aziona m'mawa uliwonse machenjezo a IPMA, bungwe la boma loona zanyengo, amene amaikidwa m'mitundu ya chikasu, olenji ndi kufiira. Nambala yoimbira pangozi ndi 112.

Tsopano za nyanja, chifukwa apa ndi pamene anthu akwathu amakhumudwa kwambiri. Portugal amatchedwa dziko la kum'mwera kwa Ulaya, koma gombe lake silili pa nyanja yofunda ya Mediterranean. Lili pa Atlantic. Madzi a nyanja ya Malawi amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 28 pafupifupi chaka chonse. Ku Cascais, pafupi ndi Lisbon, madzi a mu Julayi amakhala cha m'ma 17 mpaka 19, ndipo kufupi ndi Porto amazizira kuposa apo. Munthu amapsa ndi dzuwa pamchenga, akaponda m'madzi mapazi n'kuchita dzanzi. Chimachititsa ndi mphepo ya kumpoto imene eni ake amaitcha nortada. Imawomba mwamphamvu nthawi ya madzulo m'miyezi yotentha, imakankhira madzi ofunda a pamwamba kutali ndi gombe, ndipo madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake. Asodzi a kum'mwera kwa nyanja yathu amaona zofanana nazo pa nthawi ya mwera. Zotsatira zake n'zakuti m'mwezi umene kunja kukutentha kwambiri, madzi a gombe la kumadzulo sanafunde ayi.

Madzi amachedwa kufunda kuposa mtunda, amachedwanso kuzizira. N'chifukwa chake Seputembala ndiye mwezi wa wosambira. Mphepo ija imakhala yachepa, ndipo ku Algarve, komwe gombe limayang'ana kum'mwera, madzi amafika madigiri 21 mpaka 23. Mukamapita chakum'mawa, ku Tavira ndi Monte Gordo kufupi ndi malire a Spain, ndiye kumene amafunda koposa. Mu Meyi, ngakhale ku Algarve, madzi amakhala akadali cha m'ma 17 kapena 18. Wobwera mu Meyi aone nyanja ngati chinthu choyang'ana ndi choyenda m'mbali mwake.

Pali china chimene munthu wozolowera Senga Bay kapena Nkhata Bay ayenera kudziwa. Nyanja yamchere imakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo gombe laling'ono la pansi pa matanthwe limene munafikapo wapansi m'mawa likhoza kutsekeka masana. Ilinso ndi mikwasa ya madzi yokokera munthu kutali ndi mtunda. Opulumutsa anthu amapezeka pa magombe m'nyengo yosambira yokha, imene m'malo ambiri imayamba mu Juni n'kutha chapakati pa Seputembala, ngakhale madera ena amaitalikitsa. Mbendera yobiriwira ndiye kuti mukhoza kusambira, yachikasu ndiye kuti ingoviikani miyendo, yofiira musalowe m'madzi. Kumapeto kwa Seputembala sankhani gombe limene mbenderazi zikadalipo.

Meyi ndi Juni ali ndi zake zimene Seputembala alibe. Dziko limakhala lobiriwira ndi maluwa a m'thengo, Alentejo amayendeka asanapse, ndipo masana ku Lisbon kumakhala pakati pa madigiri 22 ndi 26. Mitengo ya jakaranda, imene ku Blantyre imachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala, ku Portugal imachita kumapeto kwa Meyi. Tsiku limatalika modabwitsa kwa ife ozolowera mdima wa 6 koloko: mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, ndiye kuti mlendo amakhala ndi maola pafupifupi 15 a kuwala. Kwa munthu amene ali ndi masiku asanu okha, phindu lake ndi lalikulu.

Juni ndi mwezinso wa zikondwerero za oyera mtima. Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Juni, Lisbon amakondwerera Santo António. Magulu a madera amaguba mu msewu waukulu wa Avenida da Liberdade, ndipo m'tinjira ta Alfama anthu amawotcha nsomba za sardine pa makala, kudyera pa buledi. Usiku wa pa 23 Juni ndi wa São João ku Porto: anthu amagogodana pamutu ndi tinyundo tapulasitiki, ndipo pakati pa usiku amaphulitsa makombola okongola pamwamba pa mtsinje wa Douro. Izi n'zoyenera kuziona, koma malo ogona a masiku amenewa amatha miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo wogona pakati pa Alfama usiku umenewo asayembekezere tulo.

Akatolika ambiri amapita ku Portugal chifukwa cha Fátima, makilomita pafupifupi 130 kumpoto kwa Lisbon. Maulendo aakulu achipembedzo amachitika pa 12 ndi 13 mwezi uliwonse kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pokumbukira ana atatu oweta nkhosa amene ananena kuti anaona Maria, amayi a Yesu, mu 1917. Khamu lalikulu limakhala mu Meyi, Ogasiti ndi Okutobala. Wofuna mdipiti wa makandulo pakati pa chinamtindi cha anthu apite pa 12 Meyi kapena pa 12 Okutobala, atapezeratu pogona, ndipo atenge juzi yokhuthala, pakuti Fátima ali pamalo okwera ndipo usiku kumazizira. Wofuna kupemphera mwakachetechete, kapena woyenda ndi agogo amene sangaime maola ambiri, asankhe tsiku la pakati pa sabata kutali ndi pa 13.

Nthawi yachiwiri ija, ya Seputembala ndi Okutobala, kupatula nyanja, ili ndi kukolola mphesa m'chigwa cha Douro, komwe amalima mphesa za vinyo wa Port m'mizere yosemedwa m'mapiri. Ntchitoyi imagwa mu Seputembala, ndipo minda ina imalola alendo kuthyola nawo ndi kuponda mphesa ndi mapazi m'maenje amiyala. Sitima yochokera ku Porto kupita ku Pinhão imadutsa m'mbali mwa mtsinje. Koma khomo la nthawiyi limatsekeka mofulumira kumpoto. Ikangodutsa theka la Okutobala, mvula ya ku Porto imatha kuyamba tsiku lililonse. Ngati ulendo wanu ndi wa dziko lonse m'nthawi imeneyi, yambirani kumpoto muzitsika kum'mwera. Mu Meyi chitani mosemphanitsa, kuyambira ku Algarve kumakwera. Sitima yothamanga ya Alfa Pendular imatenga maola pafupifupi atatu pakati pa Porto ndi Lisbon, ndi enanso atatu kukafika ku Faro.

Novembala mpaka Febuluwale ndi wa munthu wosunga ndalama amene sasamala za gombe. Kupatula Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, malo ogona amatsika mtengo ndipo mizere imatha. Ku Lisbon mu Januwale masana ndi madigiri pafupifupi 15, usiku 8, ndipo dzuwa limalowa pakati pa 5 ndi 6 koloko. Manambalawa saopsa, koma nyumba zambiri zilibe zotenthetsera, choncho m'kati mumazizira ndi chinyontho kuposa mmene mungaganizire. Funsani za chotenthetsera monga munafunsira za choziziritsira. Tinjira toyalidwa ndi timiyala toyera ndi takuda timaterera kwambiri tikanyowa, makamaka potsetsereka, ndiye nsapato zikhale zamphira wogwira. Iyi ndi nyengonso ya mafunde aakulu a ku Nazaré, tauni ya pagombe kumpoto kwa Lisbon, amene amabadwa chifukwa cha chigwembe chakuya cha pansi pa nyanja chofika pafupi ndi gombe. Amabwera masiku owerengeka pakati pa Okutobala ndi Malichi, ndipo sangalonjezedwe pa tsiku lokonzeratu.

Mukasankha mwezi, werengani chobwerera m'mbuyo chifukwa cha viza. Okhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, yolowera m'gulu la maiko a ku Ulaya limene Portugal alimo, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhalira ku Britain. Pempho limalandiridwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike, yankho limayenera kutuluka m'masiku 15, koma likhoza kutenga mpaka masiku 45. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, pamafunika inshuwalansi ya zaumoyo yotha kulipira chithandizo cha mayuro osachepera 30,000, ndipo pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda kanthu komanso ikhale yogwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka m'maiko a Schengen. Chimene chimachedwetsa anthu kawirikawiri ndi kupeza tsiku lokaperekera mapepala, makamaka pakati pa Epulo ndi Julayi pamene aliyense akufuna kupita. Wa ulendo wa Meyi ayambe mu Febuluwale. Wa kumapeto kwa Seputembala asadikire Ogasiti, ayambe kufuna tsikulo mu Meyi kapena Juni, ndipo asalipire tikiti yosabweza ndalama viza isanatuluke.

Kwa okhala ku Britain ulendo wa ndege sufika maola atatu kuchokera ku London kupita ku Lisbon, ndipo wotchi ndi imodzi. Iwowa apewe sabata ya tchuthi cha sukulu cha kumapeto kwa Meyi ndi cha kumapeto kwa Okutobala, pamene matikiti a ku Faro amakwera. Kwa ochokera kuno, Portugal amakhala ola limodzi m'mbuyo mwa nthawi ya Malawi kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi, ndipo maola awiri kuyambira Lamulungu lomaliza la Okutobala. Ngati ndege yanu yobwerera ikunyamuka m'mawa wa Lamulungu limenelo, onetsetsani kuti foni yasintha nthawi musanatchere alamu.