Kudyetsa wodwala wofooka kumafuna munthu amene anakhoza mayeso ake

Mwana akafika pachipatala cha ku Ulongwe miyendo itatupa, tsitsi litafiira, khungu likusupuka, agogo ake amayembekezera kuona mbale ya phala la nsinjiro ndi dzira pamwamba. Ife a zakudya timabwera ndi kakapu ka mkaka wamadzimadzi wotchedwa F-75, kenako timabweranso pakatha maola awiri kapena atatu, ndi usiku womwe. Achibale ambiri amaganiza kuti tikumumana mwanayo.

Thupi limene lakhala milungu ingapo osadya mokwanira limachepetsa ntchito zake zonse. Mtima umafooka, chiwindi ndi impso zimangogwira ntchito mokakamizika. Mukalipatsa chakudya chambiri mwadzidzidzi, insulin, timadzi ta m'thupi toyendetsa shuga, imakwera, ndipo michere ya phosphate, potassium ndi magnesium imachoka m'magazi n'kulowa m'maselo. Mtima wofooka uja ukhoza kuima tsiku lachiwiri kapena lachitatu, achibale akusangalala kuti mwana wayamba kudya. N'chifukwa chake F-75 ali ndi makilokalori 75 okha ndi puloteni wosakwana galamu imodzi pa mamililita 100 alionse. F-100, mkaka wamphamvu kuposa F-75, kapena chiponde, chija makadi athu amalemba kuti ATPU, zimabwera kutupa kukayamba kuphwa, mwana akayamba kufuna yekha chakudya. Mankhwala a ayironi nawonso timayamba tadikira, ngakhale zikhatho zitayera kuti mbee, chifukwa masiku oyambawo akhoza kukulitsa matenda amene ali kale m'thupi.

Akuluakulu amene aonda ndi chifuwa chachikulu kapena HIV ali pa ngozi yomweyo. Wodwala sitiroko amene akudyera m'kapaipi ka m'mphuno ali ndi inanso: kapaipiko kakasochera m'mapapo, phala limapita komweko. Wodyetsa ayenera kuyamba watsimikiza kuti kali m'mimba, ndipo wodwalayo atsamiritsidwe, asagone chafufumimba kapena chagada kwenikweni.

Zonsezi mtima wachifundo pawokha sungakuuzeni, ndipo nthawi zambiri umakuuzani zosemphana nazo. Satifiketi imasonyeza kuti munthuyo anafunsidwa zinthu zimenezi, anazichita akumuyang'anira, n'kukhoza. Kuno ku Mozambique digiri ya zakudya imaphunzitsidwa ku ISCISA ku Maputo ndi ku Universidade Lúrio ku Nampula, ndipo m'zipatala timatsata buku la Programa de Reabilitação Nutricional la unduna wa zaumoyo. Ku America kuli satifiketi yapadera ya CNSC, ya madokotala, anamwino, a zamankhwala ndi a zakudya amene amadyetsa odwala kudzera m'paipi kapena mumtsempha. Imatha mphamvu pakapita zaka zisanu, mwiniwake n'kukaikonzanso.

Kutha mphamvuko ndiko ndimasirira. Mu 2009 WHO ndi UNICEF anasintha muyeso wa kuzungulira kwa mkono umene mwana wosaufika amaonedwa kuti ndi wonyentchera kwambiri, kuchoka pa mamilimita 110 kufika pa 115. Munthu amene anaphunzira kalekale osabwererako m'kalasi akhoza kubweza kunyumba mwana wa mamilimita 113, dipuloma yake ili pakhoma, yoikidwa m'galasi.

Masiku ano pa Facebook ndi WhatsApp aliyense wogulitsa ufa wa m'zitini kapena wa chammwamba akudzitcha nutricionista, katswiri wa zakudya. Masamba a chammwamba ndi ndiwo zabwino, sindikutsutsa, koma sangalowe m'malo mwa F-75, ndipo wogulitsayo sayeza mkono wa mwana wanu.

Ngati mukudikirira wodwala, kaya ku Hospital Provincial de Tete, ku Moatize kapena ku Furancungo, funsani mwaulemu kuti walemba muyeso wa chakudya ndani, ndipo pemphani kuonana ndi técnico de nutrição, wa zakudya wa pachipatalapo. Akafika, muuzeni mosabisa masiku amene wodwalayo wakhala osadya, ngati akutsekula m'mimba, ndi zonse zimene mwamumwetsa kunyumba, za kwa asing'anga zomwe. Mahewu amene azakhali abweretsa m'chigubu asungeni kaye mpaka iye atavomereza.