Pinki kapena buluu? Mtundu wa chimbale cha disc golf pa nthaka ya Lusaka

Ophunzira atsopano akaona chikwama cha zimbale, sayamba ndi kufunsa za kulemera kapena za kaulukidwe. Amangotola ziwiri n'kuti, "Akochi, chabwino n'chiti, chofiira ichi kapena chabuluuchi?" Osewera akale amaliseka funsoli, ati ndi la ana. Ine sindiliseka. Ambirife kuno ku Lusaka zimbalezi timachita kuitanitsa kunja kapena kutuma wachibale wobwera pa ndege, ndiye chimodzi chikatsala m'tchire, kuti mupeze china mudikira milungu, thumba nalo likudandaula.

Kwa amene sanaonepo masewerawa: mumaponya chimbale cha pulasitiki kuchokera pamalo oyambira, kenako kuchokera pomwe chagwerapo, mpaka chitalowa m'dengu lachitsulo lomwe lili ndi maunyolo olendewera pamwamba. Wopambana ndi amene waponya kochepa. Dengu lamaunyololi analipanga Ed Headrick wa ku America, yemwenso anayambitsa PDGA, bungwe loyang'anira masewerawa, mu 1976. Bungweli limanena kuti chimbale chisapose magalamu 200 ndipo m'mimba mwake chisachepere masentimita 21. Za mtundu limakusiyirani nokha. Komatu lili ndi lamulo lina lomwe limachititsa kuti mtundu ukhale nkhani yaikulu. Chimbale chikasowa, gulu lonse limafunafuna kwa mphindi 3 zokha. Zikatha musanachipeze, mumabwerera pomwe munaponyera n'kuponyanso, ndipo amakuwonjezerani kuponya kumodzi ngati chilango.

Tiyambe ndi mphekesera ija yoti zimbale zofiira zimakhota msanga, zabuluu zimapita patali, zoyera n'zomvera. Imamveka kulikonse komwe kuli masewerawa, ndipo ili ndi pomwe inachokera. Chimbale amachipanga popopera pulasitiki yosungunuka m'chikombole, kenako imazizira n'kulimba. Pozizirapo imafupika pang'ono, ndipo safupika mofanana tsiku lililonse. Zimbale za ulendo uno zimatuluka zotukuka pamsana, za ulendo wina zimatuluka zaphwatalala, ngakhale chikombole chili chomwecho. Zikachitika kuti za ulendo wotukukawo zambiri zinali zapinki, anthu amati pinki ndiye amauluka choncho. Alipo amene amati utoto weniweniwo umasintha kaziziridwe ka pulasitiki. Ine ndimati ngakhale zitatero, kusiyanako n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene mkono wa wophunzira umasinthira pakati pa kuponya koyamba ndi kwachiwiri.

Zomwe zimaulutsa chimbale ndi kapangidwe ka m'mphepete mwake, kulemera, pulasitiki yake, ndi mmene chagundira mitengo pa moyo wake. Manambala anayi olembedwa pamwamba aja akunena za speed (liwiro lomwe chimafuna), glide (kukhalitsa m'mwamba), turn (kupatuka chikadali pa liwiro) ndi fade (kukhota pokagwa). Leopard ya kampani ya Innova ndi 6, 5, -2, 1, pomwe Destroyer ya kampani yomweyo ndi 12, 5, -1, 3. Wophunzira akagula Destroyer chifukwa choti yawala bwino, chimbalecho chizingothawira kumanzere (ngati akuponya backhand, kutsogoza kumbuyo kwa dzanja lamanja) n'kugwa msanga, kaya n'chamtundu wanji, chifukwa mkono wake sunafike pochipatsa liwiro lomwe chimafuna. Onjezanipo kuti Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yaikulu. Mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, ndipo mu mpweya wotere chimbale cha munthu woponya backhand ndi dzanja lamanja chimafulumirako kukhotera kumanzere kuposa mmene chingachitire ku Dar es Salaam. Munthu akaona chimbale chake sichikuuluka monga anaonera pa YouTube, ayambe waganizira zimenezi asananamizire utoto.

Ntchito ya mtundu ndi imodzi basi: kuti muchione chili m'mwamba, ndi kuti muchipeze chikagwa. Apa ndi pomwe malangizo a ku Finland kapena ku America amatiperewera, chifukwa nthaka yathu imasintha nkhope kangapo pa chaka.

M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, paliponse pamakhala biriwiri. Pofika Febuluwale, pomwe chikwakwa sichinadutse udzu umakhala utaposa munthu, ndipo chimbale sichikhala pamwamba pa udzu wotere, chimalowa chammbali n'kuima chilili pakati pa mapesi. Chomwe mumaona mukamayandikira ndi kamphepete kokha, kopyapyala ngati chala. Chobiriwira pamenepo ndiye mwataya. Chachikasu chowala chija chomwe chimaoneka chakuthwa m'sitolo nachonso chimabisala, chifukwa udzu wanthete ukawalidwa ndi dzuwa umafanana nacho. Choipitsitsa ndi choonekera mkati ngati galasi: chimatenga mtundu wa chilichonse chomwe chagonapo. Nyengo imeneyi pinki, olenji ndi choyera ndizo zimakuitanani. Ndipo kufunafuna nthawi yaitali mu udzu wautali si nkhani ya mphindi 3 zokha ayi, muli njoka mmenemo.

Mvula ikatha, cha mu Meyi ndi Juni, udzu uja umauma n'kusanduka wotuwa mwachikasu. Olenji yemwe anakutumikirani bwino mu Januwale amayamba kuvuta, chachikasu ndiye chimangosowa muli kuchiyang'ana. Ino ndi nthawi ya buluu. Ndi nthawinso yomwe chitedze chimakhala chitakhwima m'mbali mwa mitsinje ndi m'zitsamba, ndipo amene anapisapo dzanja m'chitedze pofuna chimbale safuna kubwereza. Kenako kumabwera lupsa. Tchire likapsa pansi pamangoti bii, mwa apo ndi apo phulusa, ndiye chakuda, chapepo ndi buluu woderapo zimamira m'makalamo, pomwe choyera chimati mbee muli patali. Mu Ogasiti ndi Sepitembala mitengo ya miombo imaphuka masamba ofiira, ndipo chimbale chofiira chikakodwa m'nthambi mumachidutsa pansi kangapo. M'tauni muno jakaranda amayala maluwa apepo pansi mu Sepitembala ndi Okutobala, akatha mitengo ya flamboyant imayamba kugwetsa ofiira psuu. Pansi pa zonsezi pali dothi lathu la katondo, lomwe chaka chonse limameza chofiira choderapo ndi chakhofi.

Mukaunjika nyengo zonsezi, mitundu yomwe imatsala ndi iwiri: pinki wowala ndi buluu wowala ngati thambo. Chifukwa chake n'choti m'tchire mulibe zinthu zambiri zamitundu imeneyi. Uliwonse uli ndi pomwe umagonja. Pinki amasokonezeka m'mipanda ya bougainvillea yomwe ili mbwee m'masukulu ndi m'mayadi a ku Kabulonga ndi Woodlands. Buluu, pamodzi ndi choyera, ali ndi mdani yemwe mabuku a kunja satchula: zinyalala. Pabwalo la m'komboni, pomwe mphepo ya Ogasiti yamwaza mapulasitiki ndi zotsekera mabotolo, mumathamangira chinthu chabuluu kanayi, konseko n'kupeza ndi pepala la sopo. Pa ziwirizi, ine ndimatsogoza pinki. Anyamata ena amachita naye manyazi poyamba, koma manyaziwo amatha tsiku lomwe anzawo akukwawa m'tsekera iwo atatola kale chawo.

Zimbale zamawangamawanga, zosakaniza mitundu itatu kapena inayi mozungulirazungulira, ndizo zimagulidwa msanga kuposa zonse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Diso limapeza chinthu chifukwa chili ndi mtundu umodzi wosiyana ndi pomwe chagona, komanso chifukwa cha kuzungulira kwake. Mawanga amaphwanya zonse ziwirizi, ndipo mumthunzi wa mtengo momwe dzuwa likudontha mwa apo ndi apo, chimbale chotere chimasanduka gawo la mthunziwo. Ngati mwachikonda, chiguleni, koma chikhale cha pafupi ndi dengu.

Pali china chomwe makolo ndi aphunzitsi ayenera kuchidziwa. Nthawi zina mumaona mnyamata ataima, chimbale chofiira chili pa kapinga mapazi awiri patsogolo pake, iye akuyang'anabe uku ndi uku. Anzake amafa nacho chiseko: "Iwe, si icho pamphuno pakopo!" Mwanayo si waulesi kapena wopusa. Anthu ena amabadwa ndi maso osasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndipo vutoli limapezeka kwambiri mwa amuna kuposa akazi, chifukwa limayenda pa kromozomu X yomwe mwana wamwamuna amalandira kwa mayi ake. Ambiri amakula osadziwa kuti ali nalo. Kwa munthu wotere chofiira, olenji, ngakhale pinki wina, zimazimirira mu udzu, koma buluu ndi choyera amaziona bwino lomwe. Mukamuona akuvutika kawiri katatu, musamunyoze. Msinthireni chimbale muone.

Nthawi yomwe mumasewera nayonso ili ndi mawu ake. Ambiri timapeza mpata tikaweruka ku ntchito, ndipo kuno dzuwa likangolowa cha m'ma 18 koloko, mdima suchedwa. Kuwala kukamachepa, diso la munthu limayamba kutaya chofiira, chimaoneka chakuda, pomwe choyera ndi buluu wowala zimaonekabe kwa kanthawi. Woponya madzulo asunge chimodzi choyera. Ziliponso zimbale zowala mumdima, zomwe mumaziwalitsa ndi tochi musanaponye, kungoti masana zambiri zimakhala zotuwa moyererako, mtundu womwe udzu wouma umabisa mosavuta.

Kutentha ndi nkhani yaifupi. Chakuda chimamwa dzuwa kuposa choyera, ndipo mu Okutobala chimbale chakuda chosiyidwa pansi chimatentha m'manja n'kufewerapo. Koma chomwe chimapinditsa zimbale kwenikweni ndi kuzisiya m'galimoto yotseka masana, makamaka pa dashibodi, ndipo pamenepo mtundu uliwonse umapindika.

Si chimbale chilichonse chimafuna mtundu wofuula. Driver, chomwe chimapita patali ndipo chimasochera kwambiri, ndicho chiyenera kukhala chapinki kapena chabuluu. Midrange, yoponyera mtunda wapakati, monga Buzzz ya kampani ya Discraft, ichitsatire, ndipo ndi bwino kuti ikhale ya mtundu winawo kuti mukhale ndi chosinthira nyengo ikasintha. Putter imaponyedwa dengu mukuliona, ndiye ikhale yakuda, yobiriwira, yamawanga, zili kwa inu, pokhapokha ngati mumaiponyanso kuchokera poyambira. Mukafika pokhala ndi zimbale ziwiri za dzina limodzi, china chatsopano china chokalamba, gulani mitundu yosiyana. Chokalamba chimauluka mosiyana ndi chatsopano, ndipo simufuna kutulutsa cholakwika m'chikwama pamene kutsogolo kuli dziwe.

Malamulo a PDGA amafuna kuti chimbale chikhale ndi chizindikiro cha mwini wake, ndipo amalola inki ya maka kapena utoto wolowerera mu pulasitiki, osati penti yokhuthala yomwe chala chingaimve. Lembani dzina ndi nambala ya foni kunsi kwake. Pa chimbale chakuda inki yakuda siioneka, ndiye mufunika maka yasiliva. Poitanitsa pa intaneti chenjeraninso, chifukwa masitolo ena amangokufunsani kulemera, mtundu n'kukusankhirani okha, ndipo chithunzi chomwe mwaona sindicho chimabwera. Alembereni musanalipire. Mukhoza kunena kuti mukufuna magalamu 165 mpaka 170, pinki kapena buluu wowala, ndipo ngati mulibe akuuzeni kaye asanatumize chobiriwira.