Lokidauni ija inathera kukhoti, koma agogo palibe anawafunsa

Anthu ambiri akamakumbuka za korona amangoti "ife a Malawi lokidauni tinaikana", ngati kuti dziko lonse linalankhula pakamwa pamodzi. Sizinali choncho ayi. Unali mkangano weniweni, wa mumsika, wa kukhoti, wa m'matchalitchi ndi m'mizikiti mpaka m'manyumba mwathumu, ndipo mbali ina ya mkanganowo sinathe mpaka pano chifukwa sitinaikambe nkomwe.

Kuti timvetse pafunika kukumbuka mmene dziko linalili chaka chimenecho. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chija cha tipeksi, nkulamula kuti tivotenso. Nde pamene a Peter Mutharika ankalengeza pa 20 Malichi kuti dziko lili pangozi, nkutseka masukulu onse kuyambira pa 23 Malichi ndi kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100, mdziko muno munali musanapezeke wodwala korona olo mmodzi, ndiye ambiri anangoti iyi ndi njira yothawira chisankho basi. Odwala atatu oyamba anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Pofika pa 14 Epulo odwala anali 16, omwalira awiri, ndipo tsiku lomwelo a Mutharika ndi nduna ya zaumoyo a Jappie Mhango analengeza kuti dziko litsekedwa masiku 21, kuyambira pakati pa usiku pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. A Mutharika anachenjeza kuti tikapanda kusamala titha kutaya anthu 50,000.

Mantha amenewo sanali opeka. Pa TV tinkaona mabokosi a maliro akunyamulidwa m'magalimoto a asilikali ku Bergamo, dziko la Italy lomwe lili ndi zipatala zoposa zathu kutalitali, pomwe kuno malipoti ankati mabedi a odwala mwakayakaya (ICU) dziko lonse alipo ngati 25 okha. Madokotala ndi manesi, kuphatikizapo a ku chipatala cha Queens ku Blantyre, mwezi womwewo anachita sitalaka chifukwa analibe zodzitetezera ndipo alawansi yawo ya ntchito yoika moyo pachiswe inali yochepa zomvetsa chisoni. Munthu amene ankafuna lokidauni nthawi imeneyo sanali wopenga, ankawerenga mabedi.

Koma amene anaikana nawonso ankawerenga, kungoti iwo ankawerenga ufa wotsala mthumba. Boma linapatsa anthu masiku anayi okha okonzekera, ndipo silinanene kuti mayi wogulitsa tomato ku Ndirande, mnyamata wa kabaza, kondakitala wa minibasi, wa maganyu amene amagula walkman wa ufa madzulo akapeza ya tsikulo, adya chani masabata atatu. Mavenda analowa mumsewu ku Mzuzu, ku Blantyre ndi madera ena, mawu awo anali amodzi, akuti bola kufa ndi korona kusiyana ndi kufa ndi njala. Ena mtauni muno ankawanena kuti ndi umbuli, ine sindinavomerezepo zimenezo, munthu wa lendi ya mwezi ndi mwezi, wa madzi ogula pa kiyosiki, amene nyumba yake ndi ya chipinda chimodzi koma mukugona anthu asanu ndi awiri, ukamuuza kuti khala pakhomo ndiye kuti wamuuza kuti ana ake agone ndi njala, ndipo kutalikirana komwe ukunenako mnyumbamo sikungatheke.

Nkhani inapita ku High Court ku Lilongwe. Odandaula anali phungu a Esther Kathumba ndi anzawo, pamodzi ndi bungwe lomenyera maufulu a anthu la HRDC lomwe linkatsogoleredwa ndi a Gift Trapence, komanso nthambi ya Church and Society ya sinodi ya Livingstonia. Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso cha masiku 7 choimitsa lokidauniyo, kenako chinatalikitsidwa ndipo mlandu unatumizidwa kuti ukaunikidwe ngati nkhani ya malamulo aakulu a dziko. Chigamulo chinatuluka mu Seputembala 2020, boma litasintha kale. Khoti linati malamulo a lokidauni aja ankalanda maufulu a anthu pamlingo womwe Konsitichushoni imalola pokhapokha dziko likalengezedwa kuti lili mu state of emergency motsatira ndime 45, zomwe sizinachitike poti kulengeza kuti dziko lili pangozi kuja ndi chinthu china, komanso kuti sungatsekere anthu m'nyumba usanakonze za chomwe adye. Kunena zoona ichi ndi chigamulo chomwe ndimachilemekeza mpaka lero.

Khoti litaimitsa lokidauni m'pamene boma linalengeza kuti lipereka K35,000 pamwezi ku mabanja pafupifupi 172,000 a m'mizinda. Ndalamazo zinachedwa zedi, zinadzayamba kufika m'mafoni a anthu mu 2021 pansi pa boma lina. Pakatipa kampeni inali mkati, mbali zonse ziwiri zinkadzaza mabwalo ndi anthu opanikizana opanda masiki, mabasi ochokera ku Joni akulowa pa boda ya Mwanza, ndipo kumapeto kwa Meyi anthu oposa 400 obwera kumene anathawa pa Kamuzu Stadium pomwe anawasunga kudikira zotsatira, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Tinavota pa 23 Juni, a Lazarus Chakwera anapambana, ndipo mu Julayi nambala zinakwera moti mwambo waukulu wa pa 6 Julayi anauchepetsa nkuupititsa ku Kamuzu Barracks. Anthu omwe aja ankati korona ndi ndale tsopano ndiwo anali ndi udindo woletsa misonkhano. Mu Ogasiti anaika malire a anthu 10 pamsonkhano ndi 50 pamaliro, mipingo inakana kwamtuwagalu kuti sanaifunse, ndipo boma linabwerera nkukweza nambala kufika 100.

Mtengo waukulu wa ziletso za 2020 analipira ndi ana. Masukulu anakhala otseka kuchokera Malichi mpaka Seputembala kwa olemba mayeso, ena mpaka Okutobala, ndipo kafukufuku wa boma anapeza atsikana oposa 40,000 omwe anatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi imeneyo. Maphunziro a pa wailesi ndi pa intaneti ankathandiza mwana wa pa nyumba yamagetsi ndi bandulo, wakumudzi anangokhala, ambiri mwa atsikana amenewa sanabwererenso mkalasi. Apa mpomwe ena anayamba kufunsa funso lowawa lija, loti kodi tikuwononga tsogolo la ana mamiliyoni pofuna kuteteza ndani, poti ku Malawi kuno theka la anthu ndi ana osakwana zaka 18 ndipo a zaka 65 kupita mtsogolo sakwana 5 pa 100 aliwonse. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mawu oti "ndi matenda a nkhalamba ndi mabwana" ankanenedwa mopanda manyazi, ngati kuti nkhalambayo moyo wake watha kale ntchito.

Kunja kunalinso mkangano womwewu. Mu Okutobala 2020 akatswiri ena analemba chikalata chotchedwa Great Barrington Declaration choti achinyamata azingopitiriza moyo wawo, atetezedwe okalamba okha. Ku Britain, komwe a Malawi ambiri amagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, kunatuluka madandaulo oti okalamba ena analembedwa kuti mtima wawo ukaima asawatsitsimutse, popanda kuwafunsa iwo kapena abale awo, mpaka bungwe loyang'anira zipatala kumeneko linafufuza nkutulutsa lipoti mu Malichi 2021. Kwathu kuno maganizo opatula okalamba sakanagwira, agogo athu sakhala kwaokha, amagona nyumba imodzi ndi zidzukulu, ambiri ndi omwe analera ana amasiye a nthawi ya Edzi ndipo akulerabe, akuphika, akulima, kodi mukanawapatula kupita nawo kuti, nanga anawo akanatsala ndi ndani.

Kenako inabwera Januwale 2021. Mtundu watsopano wa kachilomboka womwe unapezeka koyamba ku South Africa unafika nthawi ya Khirisimasi anthu akubwera kudzacheza, ndipo pa 12 Januwale tsiku limodzi tinataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. A Chakwera analengezanso kuti dziko lili pangozi, patapita masiku ochepa anaika lamulo loti pasapezeke woyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko mmawa, misika izitseka 5 koloko madzulo, masukulu anatsekedwanso. Ulendo uno panalibe wothamangira kukhoti mwaphokoso ngati poyamba paja chifukwa aliyense anali ndi maliro omwe akuwadziwa. Zipatala zongoyembekezera zinatsegulidwa pa Bingu Stadium ndi ku State House ya ku Zomba. Vuto lalikulu linali okosijeni, masilinda ochepa, tizipangizo tolumikizira silinda kwa wodwala kusowa, mpaka nzika wamba motsogozedwa ndi a Onjezani Kenani zinayamba kusonkha ndalama pa intaneti kugulira zipatala. Ndipo mu Epulo 2021 lipoti la odita pa K6.2 biliyoni ya korona linaonetsa kuti ndalama zambiri zinapita ku ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko, nduna ya zantchito a Ken Kandodo inachotsedwa, anthu ena anamangidwa. Miyezi 9 yomwe khoti linatipatsa osatsekeredwa ija inali nthawi yogula okosijeni ndi kukonza mawodi, mbali yaikulu inatayika.

Tsono apa mpamene pali nkhani yomwe sitinaikambe ija. M'masabata amenewo mabanja ambiri anakumana ndi chisankho chomwe sichinalembedwe mu gazeti ya boma iliyonse. Agogo akubanika, mpweya ukuvuta, kodi tipite nawo kuchipatala kapena tiwasunge pakhomo. Ku chipatala cha ku Malawi wodwala amadalira gadiyani, ndi gadiyani amene amaphika phala, kumusambitsa, kumutembenuza usiku, kuthamangira nesi drip ikatha. Ku wodi ya korona gadiyani sankaloledwa. Ndiye kwa munthu wa zaka 80 amene mwina sakumva bwino, alibe foni, kupita kumeneko kunali kutsanzikana pageti osadziwa ngati mudzaonananso, akamusamalira anthu ovala zophimba thupi lonse omwe nkhope zawo sakuziona, omwe nawonso anali otopa ndi ochepa. Akamwalira, thupi silinkabwera kunyumba kudzagona usiku ndi nyimbo za amvano kapena kwaya, linkakulungidwa nkupita kumanda mwachangu moyang'aniridwa ndi azaumoyo, adzukulu okumba manda atayima patali, osasambitsa, osaona nkhope. Kwa Asilamu omwe kusambitsa maliro ndi lamulo la chipembedzo zinali zowawanso mwapadera. M'madera ena anthu anafika pothamangitsa azaumoyo ndi kulanda thupi, ndipo mphekesera zoti kuchipatala akumapha anthu kapena akumalemba korona aliyense kuti adye ndalama zinafala kwambiri. Mphekeserazo zinali zabodza ndipo zinapha anthu omwe okosijeni akanawapulumutsa, koma zinamera pa mantha enieni, mantha ofa wekha ndi kuikidwa ngati mlendo.

Okalamba ambiri ananena okha kuti ine musandipititse, ndifere pano. Ena ana awo anamvera, ena anawanyamula mokakamiza chifukwa sakanatha kuonerera mayi awo akubanika pamphasa, enanso anawasunga pakhomo osati chifukwa agogo asankha koma chifukwa transipoti panalibe kapena banja linkaopa kusalidwa kuti nyumba iyo muli korona. Zitatuzi ndi zosiyana kwambiri koma kunja zinkaoneka chimodzimodzi, ndipo omwe anafera kumudzi osayezedwa sali mu nambala ya boma ya omwalira ndi korona, yomwe ndi pafupifupi 2,700. Ine sindikuweruza banja lililonse pa zomwe linasankha. Chomwe chimandipweteka nchoti pachikhalidwe chathu kukamba za imfa munthu ali moyo kumaoneka ngati kumulodza kapena kumufunira zoipa, ndiye zokambirana zimachitikira panja, amalume ndi ana akuluakulu kunong'onezana pakhonde, mwini wake ali mkati akumva kuti akukambidwa koma osafunsidwa. Ndipo ili ndi dziko lomwe okalamba amaphedwa powanamizira ufiti, monga anayi aja a ku Neno mu Januwale 2016, nde mawu oti "akula kale, asiyeni" sitingawatenge mopepuka, nthawi zina ndi ulemu pa zofuna za agogo, nthawi zina ndi kuwataya.

Pano sitikukamba zofupikitsa moyo wa munthu, zimenezo malamulo athu salola ndipo palibe amene ankazipempha. Tikukamba zoti munthu wamkulu auzidwe zoona za matenda ake m'chilankhulo chake, auzidwe kuti kuchipatala kuli mwayi wotani ndipo akakumana ndi zotani, anene yekha komwe akufuna kukhala ndi amene akufuna akhale pambali pake, ndipo akasankha pakhomo asasiyidwe opanda mankhwala ochepetsa ululu ndi kubanika. Kuletsa gadiyani kunali ndi chifukwa chomveka, zodzitetezera zinali zochepa, koma wachibale mmodzi wovekedwa bwino akanatha kuloledwa kwa wodwala amene madokotala aona kuti akutsirizika, ndipo maliro a anthu ochepa okhala ndi pemphero ndi kuona nkhope patali akanachepetsa ndewu zambiri zija.

Anthu odziwa ntchito imeneyi tili nawo kale. Ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, kuli bungwe la PACAM lomwe lakhala likuphunzitsa manesi ndi makiliniko ofesala kusamalira odwala matenda osachiritsika, kupereka mofini wakumwa, ndi kukhala pansi ndi banja kufunsa wodwalayo kuti inu mukufuna chani. Kulinso MANEPO yomwe imalankhulira okalamba ndipo inalimbikira mpaka nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024. Mu 2020 mavenda analankhula mumsewu, HRDC inalankhula kukhoti, mabishopu ndi mashehe analankhula ndi boma mpaka nambala inasintha kuchoka pa 10 kufika 100. Komiti yolemba ziletso ikadzakhalanso pansi pa mliri wina, ndikufuna pampando pamenepo padzakhale nesi wa ku Tiyanjane ndi agogo enieni ochokera kumudzi, adzanene okha za gadiyani, za maliro, ndi za kutseka sukulu za zidzukulu zawo.