Mthiko kwa amayi, cholembera kwa abambo

Pa ntchito yanga yophunzitsa makomiti a zachitukuko, pali funso lomwe silisowa tikamamwa tiyi: "Kodi a Rotary ndi a Lions aja ndi ndani kwenikweni?" Ena amati ndi kalabu ya anthu olemera. Ena amatsitsa mawu n'kunena kuti ndi za satana, poti amaona anthu a masuti akukumana ku hotela sabata ndi sabata, kabaji kali pachifuwa.

Palibe chobisika. Awa ndi magulu a anthu apantchito ndi amabizinesi omwe amasonkha ndalama, nthawi ndi luso lawo kuti athandize dera. Membala salandira malipiro. Iye ndi amene amalipira ndalama ya umembala, ndipo chakudya cha pamsonkhano amadzigulira yekha. Rotary inayamba mu 1905 mumzinda wa Chicago, woyambitsa wake anali loya dzina lake Paul Harris. Dzinalo linabwera chifukwa ankasinthana malo okumanira, lero mu ofesi ya uyu, ulendo wotsatira mwa uyo, ngati mmene ndalama ya chipereganyu imazungulirira. Lions inayambanso ku Chicago komweko mu 1917, motsogozedwa ndi Melvin Jones, yemwe ankagulitsa inshulansi. Kuno kwathu makalabu a Rotary ali mu chigawo cha nambala 9210 pamodzi ndi anzawo a ku Zambia, Zimbabwe ndi mbali ina ya Mozambique.

Ntchito zawo ambiri munaziona osadziwa eni ake. Rotary inalowa pa nkhondo yolimbana ndi poliyo mu 1985, ndipo ndi imodzi mwa mabungwe omwe amaika ndalama pa katemera wodontheza m'kamwa uja, yemwe anayenda naye khomo ndi khomo matendawa atapezeka mwa mwana ku Lilongwe mu February 2022. Amene anakaonetsapo maso ku Queen Elizabeth ku Blantyre anaona dzina la Lions pa chipatala cha maso. Chiyambi cha zimenezi ndi mayi. Mu 1925 Helen Keller, yemwe sankaona komanso sankamva, anaima pa msonkhano waukulu wa a Lions n'kuwapempha kuti atenge nkhani ya khungu ngati yawo. Anaitenga, ndipo akadali nayo. Koma khomo loti mayi wamba akhale membala wa Lions linadzatseguka mu 1987, patapita zaka 62.

Amayi sanakhale manja lende kudikira. Mu 1924 Margarette Golding wa ku Manchester, mkazi wa membala wa Rotary, anasonkhanitsa akazi anzake n'kuyambitsa Inner Wheel. Ena anakhazikitsa magulu awoawo, monga Zonta mu 1919 ndi Soroptimist mu 1921. Komabe m'makalabu a abambo, mayi ankalowa ngati mkazi wa uje: kukonza phwando lopezera ndalama, kugulitsa matikiti, kuchezera odwala, voti ayi.

Chomwe chinagwetsa khomalo sichinali chifundo. Kalabu ya Rotary ya m'tauni yaing'ono ya Duarte ku California inali ndi mamembala ochepa, ndipo mu 1977 inalandira amayi atatu. Likulu litamva linailanda chilolezo mu 1978. Anthu a ku Duarte sanawachotse amayiwo. Anangowonjezera mawu oti "Ex" kutsogolo kwa dzina la kalabu, n'kumakumanabe, nkhani n'kupita kukhoti. Pa 4 May 1987 khoti lalikulu la dziko la America linagamula kuti Rotary siingachotse kalabu chifukwa cholandira amayi. Chaka chomwecho Sylvia Whitlock anakhala mayi woyamba kutsogolera kalabu ya Rotary, ku Duarte komweko, ndipo mu 1989 bungwe lopanga malamulo a Rotary linalola amayi padziko lonse. Mpando wa pamwamba penipeni unachedwabe. Gudrun Yngvadottir wa ku Iceland anatsogolera Lions mu 2018, Jennifer Jones wa ku Canada anatsogolera Rotary mu 2022, zaka 117 chiyambire.

Mwina mukuti zimenezo n'za kutali. Kuno amayi sanaletsedwepo kutumikira, ndipo n'zoona. Ukagwa maliro, oyamba kufika ndi amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Umanyano, malinga ndi sinodi, atavala yunifomu, ufa ndi nkhuni zili pamutu. Kwa a Seventh Day kuli amayi a Dorika, otengera dzina la mayi wa ku Yopa uja wa pa Machitidwe 9 yemwe ankasokera amasiye zovala. Kwa a Anglican kuli Mothers' Union. Nthawi yomwe Edzi inkagoneka anthu mankhwala otalikitsa moyo asanafike, ambiri mwa omwe ankasambitsa odwala m'makomo anali amayi. Sukulu za mkombaphala zikuyenda ndi alezi osalandira malipiro, ndipo mukazizonda mupeza ambiri ndi amayi. Bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba kudyetsa ana a sukulu m'dziko muno mu 2002, limabweretsa ufa wa phala, koma ophika ndi anthu odzipereka a m'mudzi.

Ndinagonapo pafupi ndi sukulu ina ya pulaimale, ndipo tambala asanalire kachiwiri ndinamva zidebe zikugundana ku mjigo. Nditapita ndinapeza amayi asanu ali kale m'kakhitchini, maso ofiira ndi utsi wa nkhuni zaziwisi. Mmodzi anali ndi mwana kumbuyo, akuvundula mphika waukulu ndi mthiko wofika m'chifuwa mwake. Anamaliza kugawa phala dzuwa litakwera, kenaka kutsuka miphika, kenaka ulendo wa kumunda, komwe anzawo anali atalima kale mizere ingapo. Masana a tsiku lomwelo tinali ndi msonkhano wa komiti ya sukuluyo pansi pa mtengo wa mango. Pa mabenchi panali abambo. Amayi aja anakhala pa mphasa kumbuyo, ndipo atafunsidwa maganizo, mmodzi anati, "Zomwe anena abambowa n'zomwezo."

Apa ndi pomwe nkhani ya ku Duarte imatikhudza. Kutumikira ndi kukhala membala ndi zinthu ziwiri. Pa gulu lililonse, kaya ndi kalabu ya m'tauni kaya komiti ya mjigo, mphamvu imakhala pa zinthu zochepa: ndani amavota, ndani amakonza mndandanda wa zokambirana, ndani amasaina kubanki. Makomiti athu amakonda kusankha mayi kukhala msungichuma, ati amayi sadya ndalama. N'kutheka. Koma ndapezapo asungichuma ambiri omwe amangosunga kope, pamene cheke amasaina wapampando ndi mlembi, onse abambo. Ndalama ikasowa, woyamba kulozedwa chala ndi mayi wa kope uja. Ndiye ndikafika pa gulu sindifunsa kuti muli amayi angati. Ndimapempha malamulo a gulu ndi fomu ya kubanki kuti ndione maina a osaina.

China chomwe timachiiwala ndi mtengo wa nthawi. Timati wodzipereka sagula, ndiye ntchito yake sitiiwerenga. Mabungwe othandiza akamafuna kuti mudzi uikepo mbali yake, timalemba njerwa zingati, mchenga ngolo zingati, koma maola omwe amayi atunga madzi omangira salowa m'buku. Ndimalangiza gulu lililonse kukhala ndi kaundula wa maola: dzina, tsiku, ntchito, nthawi yoyamba ndi yomaliza. Kumapeto kwa mwezi muchulukitse masikuwo ndi ndalama yomwe waganyu amalandira pa tsiku m'dera lanu. Chiwerengerocho chimathetsa makani pamsonkhano kuposa kulalikira kwanga konse. Chimathandizanso kuona yemwe akulemedwa, chifukwa pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mayi mmodzi yemwe ali mu gulu la amayi a pasukulu, mu komiti ya zaumoyo, ku mkombaphala komanso ku tchalitchi, ndipo tsiku lomwe adzatope magulu anayi adzaima limodzi.

Makalabu a m'tauni ali ndi chotchinga chawo. Lamulo linasintha, koma ndalama ya umembala ndi misonkhano ya madzulo zimasefabe anthu. Mayi woweruka 5 koloko, wokwera minibasi, ana akumudikira, sangakhale ku hotela mpaka usiku sabata iliyonse. Achinyamata ali ndi polowera potsikirako mtengo kudzera ku Rotaract ndi Leo, makalabu a achinyamata a Rotary ndi Lions, ndipo kalabu yanzeru imakumana nthawi ya nkhomaliro kapena kulola ena kulowa msonkhano pa foni.

Ku sukulu ija tinasintha zinthu ziwiri zokha. Msonkhano tinauchotsa masana n'kuuika m'mawa phala likangotha, ophika asanabalalike, ndipo m'malamulo tinalemba kuti mwa osaina atatu kubanki, mmodzi azichokera kwa ophika. Abambo ena anang'ung'udza kuti amayiwo sadziwa kulemba. Tinapeza kuti awiri mwa asanu aja anafika fomu 2. Pa msonkhano wachitatu, mayi wa mwana kumbuyo uja anaimirira n'kufunsa kuti matumba awiri a ufa omwe analembedwa kuti analowa m'sitolo Lachisanu ali kuti, poti iye Lolemba m'mawa anawerenga ndipo sanawapeze.