Tsidya lino ndi tsidya lija la Muloza

Ukaima pa chipata cha malire a Malawi ndi Mozambique cha Muloza m'mamawa umaona njinga zitasenza matumba a chimanga kuchokera ku Milange, ulendo wa ku msika wa Limbuli. Anthu a tsidya lino ndi a tsidya lija ambiri ndi pachibale. Malirewa anadula ndi Angelezi ndi Apwitikizi m'pangano la 1891, ndipo pambuyo pake Alomwe ambiri anawoloka pothawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagweranso m'thangata m'minda ya azungu ku Mulanje ndi Thyolo.

Maboma ndiye anachedwa kumvana. Kamuzu anapalana ubwenzi ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, ndipo ankadyera limodzi ndi Apwitikizi pomwe gulu la Frelimo linali kutchire kumenyera ufulu wa Mozambique. Mozambique italandira ufulu mu 1975, chilondacho chinali chikadali chachiwisi. Malawi inali nawo pa mayiko 9 omwe anakhazikitsa SADCC, bungwe la mgwirizano wa mayiko a kummwera kwa Africa, ku Lusaka mu 1980, koma kukayikirana sikunathe. Mu Seputembala 1986 atsogoleri atatu, Samora Machel wa Mozambique, Kenneth Kaunda wa Zambia ndi Robert Mugabe wa Zimbabwe, anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu pamaso kuti dziko lake likusunga zigawenga za Renamo, zomwe zinkamenyana ndi boma la Frelimo. Boma lathu linakanitsitsa. Mwezi wotsatira Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ku South Africa.

Chinatiyanjanitsa ndi njanji. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itatseka njira za ku madoko a Beira ndi Nacala, katundu wathu n'kumazungulira ku Durban pa mtengo woboola m'thumba. Mu Disembala 1986 mayiko awiriwa anasainirana pangano la chitetezo, ndipo chaka chotsatira asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti anthu wamba sanadikire pangano. Othawa nkhondo anafika poposa 1 miliyoni m'dziko laling'ono ngati lathuli, ndipo kuno ku Mulanje, komwe tiyi anatilanda kale malo, mabanja anagawana nawo timinda, nkhuni ndi ufa wochepa womwewo. Ulemu umenewu sitiutchula mokwanira.

Soviet Union itagwa, tsankho la ku South Africa likutha, owomba m'manja nkhondoyi anasowa. Mu Ogasiti 1992 SADCC inasanduka SADC ku Windhoek, ndipo pa 4 Okutobala Frelimo ndi Renamo anasainirana mtendere ku Rome. Othawa nkhondo ambiri anabwerera kwawo. Ena anali atakwatira kuno, ndipo zidzukulu zawo ndi zina mwa zomwe zikukankha njinga zija pa Muloza.