Zaka 18 zinachokera kuti? Mbiri ya mkangano wa msinkhu wa ukwati

Chimwalirireni Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza mu Ogasiti 2025, nkhani ya maukwati a ana yabwereranso m'kamwa mwa anthu. Ambiri akuikumbukira mfumuyi chifukwa cha ana amene inawachotsa m'mabanja n'kuwabwezera kusukulu. Koma alipo ena amene amang'ung'udzabe kuti zoti mtsikana adikire mpaka zaka 18 anabwera nazo ndi azungu a mabungwe, ndipo makolo athu ankaona kutha msinkhu osati kuwerenga zaka. Zoti makolo sankawerenga zaka n'zoona, palibe angatsutse. Zoti 18 inachokera ku Ulaya ndiye mbiri ikukana.

Tiyambire mu 1994, pamene dziko linalandira malamulo aakulu atsopano titangotuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Gawo 22 la malamulowo linkanena kuti munthu wopitirira zaka 18 palibe angamuletse kukwatira kapena kukwatiwa. Wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 ankatha kulowa m'banja makolo kapena omulera akavomera. Nanga wosakwana 15? Apa lamulo silinaletse kwenikweni, linangouza boma kuti lizigwetsa mphwayi maukwati otere. Pomwepo gawo 23 linkati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16. Ndiye kuti mtsikana wa zaka 15 anali mwana pa tsamba lino, mukatembenuza tsamba n'kukhala mkazi wa mwini, bola bambo ake kapena malume ake agwedeze mutu. Lamulo la milandu nalo linali ndi zake: mpaka 2011, mlandu wogona ndi mwana unkagwira ntchito pokhapokha mtsikanayo akhale wosakwana zaka 13. Chaka chimenecho ndi pamene anakweza kufika pa 16.

Mu 2009 aphungu anayesa kukonza zinthu, koma anakonza mwatheka. Anavomereza bilu yokweza msinkhu wokwatiwa ndi chilolezo cha makolo kuchoka pa 15 kufika pa 16. Kunja kuno kunabuka phokoso. Mabungwe, mipingo ndi manyuzipepala anaitcha bilu ya chidyamakanda, ndipo a Bingu wa Mutharika, amene anali mtsogoleri wa dziko, sanaisainire. Chodabwitsa n'chakuti kupambana kumeneku kunasiya zinthu pamene zinali, pa 15 pomwepo, kwa zaka zina zisanu ndi zitatu.

Chaka chimene anthu ambiri amachitchula ndi 2015. Mu Febuluwale chaka chimenecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ukwati, kutha kwa ukwati ndi za m'banja, limene linasonkhanitsa pamodzi maukwati a kutchalitchi, a kwa DC, a chinkhoswe ndi ongolowana, n'kunena kuti onsewo akhale a anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Atsikana monga Memory Banda, amene analimbikira nkhondoyi pamodzi ndi bungwe la Girls Empowerment Network, anamveka dziko lonse lapansi, ndipo nyuzipepala zakunja zinalemba kuti Malawi waletsa maukwati a ana. Sikuti zinanama, koma zinafulumira. Lamulo wamba silingapose malamulo aakulu a dziko, ndipo gawo 22 linali chikhalire. Bambo wofuna kukwatitsa mwana wake wa zaka 15 akanatha kupita kukhoti atanyamula malamulo aakuluwo n'kupambana. Ngakhale lamulo la 2015 lenilenilo linavomereza kuti likugonjera gawo 22.

Kwa ine, pamene zinthu zinatembenukira sipanali ku Lilongwe ayi. Panali ku Banjul, likulu la dziko la Gambia, m'chipinda cha msonkhano chimene Amalawi ambiri sanachimvepo.

Kuti timvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Pali mapangano awiri aakulu okhudza ufulu wa ana. Loyamba ndi la United Nations la mu 1989, limene Malawi analowamo mu 1991. Limati mwana ndi wosakwana zaka 18, koma limasiya khomo lotsegula: pokhapokha ngati malamulo a dziko lake akunena kuti munthu amakula msanga kuposa pamenepo. Za msinkhu wa ukwati silitchula nambala n'komwe. Lachiwiri ndi la mayiko a mu Africa okhaokha, limene bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la OAU linavomereza ku Addis Ababa mu 1990 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1999. Ili ndiye silinyengerera. Gawo 2 limati mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18, basi, popanda "pokhapokha". Gawo 21 limaletsa kukwatitsa ndi kutomeretsa ana, limalamula mayiko kuika 18 m'malamulo awo, ndiponso limati maukwati onse azilembedwa m'kaundula. Anthu amene analimba mtima kulemba nambalayi mosabisa anali atsogoleri a mu Africa, ndipo Malawi anavomereza panganolo mu 1999 popanda womukakamiza.

Mu 2014 bungwe la maloya lotchedwa IHRDA, limene likulu lake lili ku Banjul komweko, linakasuma boma la Malawi ku komiti ya akatswiri imene imayang'anira pangano la mu Africa lija. Dandaulo lawo silinali la ukwati wokha. Linali pa gawo 23: mukanena kuti mwana amathera pa zaka 16, ndiye kuti onse a zaka 16 ndi 17 mwawachotsera chitetezo chimene munalonjeza. Mnyamata wa zaka 16 woba njinga ankatha kuweruzidwa ngati bambo wandevu ndi kukagona m'ndende ya akuluakulu, chifukwa ngakhale lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 linatengera nambala yomweyo ya 16.

Boma likanatha kulimbana nawo mlanduwo n'kuukoka kwa zaka zambiri, monga amachitira maboma ena. Silinatero. Chakumapeto kwa 2016, pa msonkhano wa komitiyo ku Banjul, mbali ziwirizi zinagwirizana kuthetsa nkhaniyo mwamtendere. Malawi analonjeza kusintha malamulo ake aakulu ndi malamulo ena onse okhudza ana pofika pa 31 Disembala 2018, kupereka malipoti ku komitiyo za mmene ntchito ikuyendera, ndi kuteteza ana a zaka 16 ndi 17 podikira kusinthako. Aka kanali koyamba kuti komitiyi ithetse mlandu mwa njira imeneyi. Chimene mabungwe anakhala akupempha kwa zaka zambiri tsopano chinali ndi tsiku lomalizira, lolembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mayiko anzathu.

Sipanadutse miyezi inayi. Pa 14 Febuluwale 2017 aphungu anavota, 131 kuvomera, awiri okha kukana. Ndime zolola ukwati wa a zaka 15 mpaka 18 zinachotsedwa m'gawo 22, ndipo gawo 23 linakwezedwa kufika pa 18. A Peter Mutharika anasainira mu Epulo chaka chomwecho. Panali kachopinga kena kamene kakanatha kugwetsa zonse. Magawo awiriwa ali m'mutu wa maufulu a anthu, umene gawo 196 limati sungasinthidwe popanda riferendamu, pokhapokha ngati kusinthako sikukhudza phata la malamulowo ndipo aphungu awiri mwa atatu alionse avomereza. Anadzera khomo lachiwirili. Wina akhoza kufunsa ngati kuchotsera makolo mphamvu yovomereza ukwati sikukhudza phata. Funsolo n'lomveka. Koma mukaganiza kuti ufulu wa mwana wa sitandade 7 ukanadikira voti ya dziko lonse, ndi ndalama zake, ndi ndale zake, mumvetsa chifukwa chake sipanapezeke ambiri ofuna kulikokera patali.

Olemba mbiriyi amasiyana pa za amene ayenera kutamandidwa. Malipoti a mabungwe a atsikana amaika patsogolo misonkhano, masiginecha ndi mafumu. Zolemba za maloya zimaloza ku Banjul. Zonse zili ndi mbali yake, ndipo popanda phokoso la kumudzi aphungu 131 sakanapezeka. Komabe phokosolo linalipo kuyambira 2009 ndipo gawo 22 silinasunthe. Linasuntha patangopita miyezi yochepa boma litasainira pangano lokhala ndi deti.

Anzathu oyandikana nawo anayenda njira zawozawo. Ku Zimbabwe anatsogola ndi atsikana awiri, Loveness Mudzuru ndi Ruvimbo Tsopodzi, amene analowa m'banja ali ana. Anakasuma kukhoti loona za malamulo aakulu, ndipo mu Januwale 2016 khotilo linagamula kuti palibe ukwati wa mtundu uliwonse, ngakhale wachikhalidwe kapena wachipembedzo, umene ungaloledwe munthu asanakwane zaka 18. Ku Tanzania Rebeca Gyumi anapambana mlandu wofanana nawo mu 2016 potsutsa lamulo la ukwati la mu 1971, limene limalola mtsikana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akalola, ngakhalenso wa 14 khoti likalola. Boma linachita apilo, linagonjanso mu 2019, koma zaka zinapitabe aphungu osasintha lamulolo. Mozambique anatseka mpata wa zaka 16 mu 2019. Zambia anachedwerapo: lamulo lolembedwa linali ndi malire ake, koma ukwati wachikhalidwe unalibe, mtsikana akangotha msinkhu basi. Anakonza mu Disembala 2023. Izi zikutanthauza kuti kwa zaka zingapo, mtsikana wa zaka 16 wa ku Mchinji anali mwana, pamene msuweni wake wa ku Chipata, wa mtundu womwewo, wovinidwa chinamwali chomwecho, pansi pa Kalonga Gawa Undi yemweyo, ankatha kukwatiwa mwamwambo lamulo osanenapo kanthu.

Nanga azungu aja akuti anatiphunzitsa? Ku England, mpaka 1929, mtsikana wa zaka 12 ndi mnyamata wa zaka 14 ankatha kukwatirana mwalamulo. Chaka chimenecho anakweza kufika pa 16, ndipo anakhala pamenepo, ndi chilolezo cha makolo, mpaka Febuluwale 2023. England ndi Wales anafika pa 18 patapita zaka zisanu ndi chimodzi Malawi atafikapo kale. Ku United States, kufikira 2018 panalibe chigawo ngakhale chimodzi chimene chinaletseratu. Delaware ndiye anayamba chaka chimenecho, ndipo zigawo zambiri zimalolabe.

Lamulo pa pepala ndi moyo wa kumudzi n'zinthu ziwiri. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero ndi umoyo wa mu 2010 anapeza kuti pafupifupi theka la amayi a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane 18. Wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 42 pa 100 alionse, ndipo wina wa mu 2019 ndi 2020 anapeza 38. Kutsikaku kunayamba lamulo lisanasinthe, choncho sitinganene kuti ndi lamulo lokha lachita zimenezi. Ndipo sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, kauniuni wa boma anapeza maukwati a ana oposa 13,000 ndi mimba zoposa 40,000 m'miyezi yochepa chabe. Amene anakulira kumudzi akudziwa mmene zimayambira. Mtsikana akapezeka ndi pakati, azakhali ndi amalume amamutenga mamawa kukamutula kwa mnyamata, n'kumusiya pakhonde ndi kachikwama kake. Palibe ankhoswe, palibe kaundula, palibe amene watchula mawu akuti ukwati, koma kuyambira tsiku limenelo akuphikira apongozi. Makolo ambiri otere si ankhanza ayi. M'nyumba mulibe ufa ndipo fizi ya sekondale sakuiona kochokera. Koma amene amakagona m'chipinda cha amayi oyembekezera thupi lisanakhwime si iwowo.

Apa ndi pamene ntchito ya mafumu ngati mayi Kachindamoto inkalowera. Iwo anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27 asanaitanidwe kukalowa ufumu mu 2003. Anasainitsa mafumu awo ang'onoang'ono pafupifupi 50 pangano loletsa maukwati a ana, ndipo nyakwawa zimene zinalekerera anaziimitsa paudindo mpaka zitakathetsa maukwatiwo. Manambala a maukwati amene anathetsa amasiyana malinga ndi wolemba ndi chaka: malipoti a cha m'ma 2016 ankati 850, apambuyo pake amafika 3,500. Popeza maukwatiwo sanalembedwe paliponse, manambalawa ndi a kuwerenga kwa kubwalo la mfumu ndi mabungwe, osati a kaundula wa boma. Vuto lomweli limafika mpaka kukhoti. Kulembetsa ana obadwa mokakamiza kunayamba mu 2015, ndiye atsikana ambiri a msinkhu umene tikukambawu alibe chiphaso chobadwira. Mlandu umatha kugwa chifukwa mayi akuti mwana ali ndi zaka 15, malume akuti 19, ndipo buku la kusikelo linatayika kalekale.

Msinkhu wa ukwati ndi umodzi chabe mwa misinkhu imene lamulo limaikira mwana, ndipo inayo sinalandire chidwi chofanana. Lamulo la ntchito la mu 2000 limalola mwana kulembedwa ntchito kuyambira zaka 14, bola isakhale yoopsa. Chitupa cha unzika amatenga pa 16, kuvota pa 18. Pa milandu, mwana wa ku Malawi amayamba kuyankha yekha ali ndi zaka 10. Kale zinali 7. Ku England ndi 10 yomweyo, ku Zambia ndi ku South Africa anakweza kufika 12 mu 2022, ku Mozambique ndi 16. Komiti ya United Nations yoona za ana inalangiza mu 2019 kuti mayiko asatsike pa 14. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nkhani ya milanduyi pangano la mu Africa silinalembe nambala ngati linachitira pa ukwati, linangoti dziko lililonse liike malire ake, ndiye wofuna kukasuma alibe gawo lolimba loti akalozepo chala.