Kagalu kokusa ziweto sikafuna njala kapena tsabola

Ambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje amati kagalu ukakamana chakudya n'kumakadyetsa tsabola kamalusa, ndiye kadzakusa bwino ziweto. Si zoona. Galu wolusa amaluma mbuzi m'miyendo, gulu lonse n'kumwazika. Mitundu ngati Border Collie imabadwa kale ndi mtima wokusa. Chimene imasowa n'kumvera basi.

Kadyetseni katatu kapena kanayi patsiku, phala losakaniza ndi usipa. Kapatseni mankhwala a njoka zam'mimba milungu iwiri iliyonse mpaka miyezi 3, pomwe kayenera kubayidwa katemera wa chiwewe. Kaphunzitseni "bwera" ndi "khala", mphindi 5 zokha, m'mamawa, poti kuno mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ku ng'ombe kasafike msanga: ikakamenya theche kamodzi, kangathe kumaziopa mpaka kalekale. Kayambe ndi mbuzi zofatsa kali pachingwe, ntchito yeniyeni idikire kayandikire chaka.